Aphunzitsi aphunzira kuwedza Lisungwi atadzaza

Kumapeto kwa Januwale

Ine ndine wa kumtunda. Amene mumamudziwa Neno mukudziwa kuti ali pawiri. Kuli kumapiri, cha ku boma ndi kwa Dambe, kozizira, kwa mbatatesi ndi manachesi. Ndiye kuli kuno kumunsi, ku Lisungwi, Zalewa ndi Matope, kwa milambe, mbuzi ndi dzuwa loswa mtengo. Kwathu kumtundako nsomba tinkaidziwa itauma kale, ili pamulu pamsika. Imvi zayamba kutuluka ndisanagwirepo mbedza.

Inanditsitsira kuno ndi ntchito ya uphunzitsi. Pakhomo ndimakhala ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wa Sitandade 6. Wakhala kuno zaka zochepa chabe, koma anasanduka kale mwana wa kumtsinje, ndipo Loweruka salephera kubwera ndi tinsomba totungidwa pa luzi. Ndiwo zitakwera mtengo ndinamupempha kuti andiphunzitse.

"Inuyo malume?"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Atapuma anavomera, koma ndi lamulo limodzi: tikafika kumtsinje, mphunzitsi ndi iyeyo, ine ndizingomvera.

Ku Zalewa, kogula zida

Musaope, zida zake n'zochepa. Ndodo ndi nsungwi youma, yowongoka, yotalika mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono, yopyapyala kunsonga kuti izitha kuwerama osathyoka. Twaini ndi kachingwe ka nayiloni koonekera mkati. Choyandama, chimene chimakuuza kuti nsomba yagwira nyambo, timadula ku patapata wakutha. Chomiza nyambo ena amapangira mtovu, koma ife tinakapempha manati akale kwa wokonza njinga.

Vuto linali pa mbedza. Ndinalowa m'golosale ndekha, mwaulemu wanga wonse, n'kunena kuti ndikufuna nambala yaikulu chifukwa ndikukagwira nsomba zazikulu. Anandipatsa nambala 14. Nditatsegula kapepala ndinachita kutsinzina diso limodzi kuti ndizione. Kani pa mbedza nambala ikamakula mbedzayo ikuchepa: 14 ndi ya matemba, 6 kapena 4 ndi imene ingagwire mlamba wabwino. Mphwanga anati tisabweze, matemba nawonso ndi ndiwo. Tinangowonjezera za nambala 10 ndi 6.

Madzulo ake, pakhonde

Kumanga mbedza. Ine ndinamanga mfundo imene ndimamangira thumba la chimanga. Mwana uja anangokoka kamodzi, mbedza ili m'dzanja lake, twaini ili m'dzanja langa. Nayiloni ndi woterera, amafuna mfundo yakeyake.

Nayi, monga anandionetsera. Lowetsani twaini pa diso la mbedza. Nsonga yotulukayo izungulizeni pa twaini yomweyo kasanu kapena kupitirirapo kamodzi. Ibwezereni pa kampata kamene katsala pafupi ndi diso. Musanakoke, nyowetsani mfundoyo ndi malovu, ndiye muzikoka pang'onopang'ono mpaka mizere ija itaunjikana bwino. Malovuwo si mwambo ayi. Nayiloni wouma akakhulana yekhayekha amatentha n'kufooka pomwepo, ndipo adzakudukirani tsiku limene mwakola nsomba ya maloto anu.

Ndinamanga ndi kumasula mpaka tochi kuyamba kufiira. Mayi a kunyumba anadutsa ndi mbale n'kufunsa ngati pa ndiwo za mawa awerengere nsomba kapena angothyola chisoso. Ndinawauza kuti athyole, pongoyembekezera.

Loweruka loyamba la Febuluwale

Mvula inagwa usiku wonse, kuno ndi kumapiri komwe. Kutacha mkokomo wa Lisungwi tinaumva tili m'nyumba. Mphwanga anati lero ayi. Ine ndinawerengera mwa uphunzitsi: madzi ambiri, nsomba zambiri. Ndinanyamula nsungwi yanga ndekha.

Mtsinje unali wofiira psuu, wasefukira mpaka m'madimba. Munkadutsa mapesi a chimanga ndi mizu yomwe, thunthu la nthochi, chigubu, nthambi zamasamba aawisi. Ndinakoleka nyongolotsi n'kuponya pakati penipeni, pothamanga madzi, poganiza kuti zazikulu zimakhala pamenepo. Chubwi! Ndisanaphethire, nati inali itakokedwera kumunsi, twaini ili nga nga nga, nsungwi itawerama. Mtima unagunda. Ndinakoka ndi mphamvu zonse, ndipo chimene chinatulukira pamwamba chinali chitsamba chathunthu. Twaini inaduka. Mbedza, nati ndi patapata zinapita ku Shire.

Pamtunda, patsinde pa mkuyu, panakhala agogo ena akukonza mono, uja msampha wa nsomba wolukidwa ndi nsungwi kapena bango. Anali ataonerera zonse.

"Aphunzitsi, mukuwedza nsomba kapena nkhuni?"

Ndinayankha kuti ndikuphunzira.

"Madzi akamakwera sawedzedwa. Pitani mukadye nsima, mubwere mkuja."

Lolemba, titaweruka

Agogo aja ndinawapeza pomwe paja. Phunziro loyamba linalibe mbedza. Anandionetsa kamtengo kamene anazika m'mphepete mwa madzi dzulo lake. Tsopano kanali pouma, madzi atatsika pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pamene kanazikidwa. Amenewo ndiye mafunso oyamba a msodzi wa dzinja: madziwa akukwera, aima, kapena akutsika? Zikani kamtengo mukangofika, muzikayang'ana kawirikawiri.

Akamakwera amanyamula zinyalala ndi matope ochuluka, nyambo siikhazikika, ndipo nsomba zimakhala zotanganidwa ndi kudzipulumutsa. Akaima n'kuyamba kutsika, zinyalala zimachepa, kufiira kumazirala, nsomba zimakhala ndi njala, ndipo m'madzi mumakhala modzaza ndi zakudya zokokoloka kumtunda: nyongolotsi, chiswe, mbozi, ziwala. Nthawi yake ndi imeneyo. Muyeso wa agogo ndi wa mkono. Amamiza dzanja, ndipo ngati zala zikuoneka pang'ono madzi atafika pamfundo ya dzanja, amati tiyeni. Ngati zikusowa zikangolowa, amabwerera ku mono wawo.

Lachitatu

Lero ndiye ndaphunzira chinthu. Ndilemba mofatsa chifukwa china chilichonse chikutsamira pamenepa.

Agogo anatola zitsononkho za chimanga n'kuyamba kuponya m'madzi chimodzichimodzi. Choyamba anaponya pakati. Chinathawa osatsanzika. Chachiwiri anaponya kuseri kwa chimwala chachikulu chimene chatsamira gombe. Chinazungulira, n'kuzunguliranso, kenako chinayamba kubwerera kumtunda, kutsutsana ndi mtsinje wonse. Ndinayang'ana kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi ndimaphunzitsa ana kuti madzi amatsika basi.

"Mwaona? Pamenepo ndi pakhonde."

Anafotokoza kuti nsomba pa madzi osefukira zili ngati anthu amene mvula yawapeza pamsika. Palibe amaima pabwalo. Onse amathinana pakhonde la golosale, maso ali kunja, kudikira chodutsa. Nsomba nayo siingalimbane ndi liwiro la pakati tsiku lonse, ingathe mphamvu. Imafuna malo odekha oyandikana ndi madzi othamanga, kuti izipuma uku chakudya chikuidutsa pamphuno.

Makonde otere ndi ambiri ukadziwa kuwayang'ana. Kuseri kwa mwala. Kumunsi kwa mtengo wogwera m'madzi. Mkati mwa gulaye wa mtsinje, kumene madzi amafooka n'kusiya mchenga, osati kunja kwake kumene amakumba gombe. Pamene kakhwawa kakuthira mu mtsinje waukulu, makamaka ngati kakhwawako kayamba kuyera msanga. Mu udzu ndi m'mabango momira. Ndipo malo oposa onse ndi pamzere pamene madzi othamanga akukhudzana ndi odekha. Mzerewu umaoneka ndi maso: pamakhala kathovu ndi tizinyalala toyenda mondondozana, mbali ina madzi ali ndi makwinya, mbali ina ali see. Nyambo igwere mbali yodekhayo, chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pamzere.

Chondichititsa manyazi n'chakuti malo onsewa ali pafupi. Loweruka lija ndinkadzipinda msana kuponya kutali, nsomba zili mita imodzi kuchokera ku zala za kumapazi kwanga. N'chifukwa chake agogo amayenda monyang'ama akamayandikira gombe. Nsomba ili ndi kamzere m'nthiti, kochokera kumutu mpaka kumchira, kamene kamamva kugwedezeka kwa madzi. M'matope siikuona, koma ikumva mgugu wa mapazi. Ine ndinafika ndi nsapato zanga za kusukulu, gu gu gu, ndikupereka moni mofuula. Anandiyang'ana osayankha moniwo.

Lachisanu

Nyambo. M'madzi akuda nsomba imasaka ndi fungo, choncho nyongolotsi ndiye mfumu. Zokumba kuseri kwa bafa ndi pansi pa nthochi n'zonenepa. Zisungeni m'chitini chobowola, muli dothi lonyowa, pamthunzi. Zanga ndinaziika m'jumbo n'kuzisiya pamwala padzuwa. Za fungo limene linatuluka m'menemo sindilemba.

Pokoleka ndinkaisokerera nyongolotsi yonse ku mbedza mpaka kuuma gwa. Mphwanga anati yoteroyo ngakhale iye sangaidye. Ibayeni pawiri kapena patatu, mchira uzilendewera n'kumavinavina, nsonga ya mbedza ikhale yotulukira pang'ono. Tinakandanso madeya ndi dothi lonyowa n'kupanga timibulu toponya pamalo odekha paja. Dothilo ndi loti madeya amire pomwepo, asatengedwe.

Loweruka

Nsomba yoyamba! Patapata anagwedera, anagwederanso, n'kumira. Ndinakoka ngati ndikuzula chinangwa, ndipo kanthu kowala kanauluka pamwamba pa mutu wanga n'kukagwera m'chimanga cha eni ake. Tinakasaka chokwawa. Linali temba, lotalika ngati chala changa cha mkombaphala. Ndinalinyamula m'manja awiri.

Mphwanga akuti pokoka sipafunika phewa, dzanja lokha likwanira, kungotukula nsonga ya nsungwi mofulumira. Pofika madzulo tinali ndi matemba odzaza kambale, ambiri ake. Panabweranso nkhanu imene inandidyera nyongolotsi zambiri ndisanaizindikire. Kudya kwa nkhanu n'kosiyana: patapata amangotsetsereka pang'onopang'ono chammbali, osamira. Ukaona choncho, samuka.

Chisoso chija tinadyera limodzi ndi matemba. Mayi a kunyumba anati aka n'koyamba kuona ndiwo zofuna magalasi.

Pakati pa Febuluwale

Mvula inabwereranso, mtsinje unakweranso, ndipo tinakhala pakhomo kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Utayamba kutsika tinapita kukayesa kuwedza pansi, kopanda choyandama. Umachotsa patapata, n'kumanga nati chikhatho chimodzi ndi theka pamwamba pa mbedza, n'kusiya nyambo ikhale pansi pa mtsinje. Pansipo madzi amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi pamwamba, chifukwa amakhulana ndi miyala, ndipo nsomba zazikulu zimakonda pamenepo.

Luso lili pa kulemera kwa nati. Yopepuka imakokoloka n'kukakola pa zitsa. Yolemera kwambiri imazama m'matope ndipo nsomba ikanyamula nyambo imamva kulemera n'kulavula. Yoyenera ndi imene imagwira pansi movutikira, yoti ukatukula nsungwi pang'ono imasuntha kaphazi kamodzi n'kukhalanso. Ndinayamba ndi nati ya pa ekisero, imene inagwa m'madzi ndi phokoso loti agogo anatembenuka. Tinatsika mpaka ya pa buleki.

Popanda patapata, maso ako ndi chala. Umagwira twaini pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Tsamba likagunda twaini, kulemera kumabwera pang'onopang'ono n'kukhala. Nsomba imagogoda: go, go, kenako kukoka. Masiku oyamba ndinkakokera tsamba lililonse la mu Lisungwi.

Tsiku lomwelo ndinadziwana ndi nkholokolo. Ndi kansomba kopanda mamba, ka ndevu, kamene kamalira kakatuluka m'madzi. Kali ndi minga itatu, umodzi pamsana, iwiri m'mbali, ndipo kakaopsedwa kamaiimika n'kuikhoma kuti isapindike. Ine ndinakafumbata mwachikondi. Chala chinatupa mpaka choko kundivuta kugwira Lolemba. Kagwireni chakumimba, zala zili kuseri kwa minga ya m'mbaliyo. Mlamba nawonso uli ndi minga m'mbali, muugwire chimodzimodzi.

Za kusamala, ndisanaiwale

Izi agogo sanaseke nazo, nanenso sindiseka. Gombe la kunja kwa gulaye limakumbika pansi. Pamwamba pamaoneka udzu wabwinobwino, pansi pali mphako, ndipo limagumuka ndi munthu. Musaimepo. Musalowe m'madzi ofiira kukawombola mbedza, mtengo wake sufika pa moyo. M'chigwa cha Lisungwi anthu amakumba golide m'mphepete mwa mtsinje, ndipo maenje awo madzi akadzaza saoneka. Kufupi ndi Shire kuli ng'ona, ndipo madzi akachuluka zimalowa m'mitsinje ing'onoing'ono, choncho osakhala chogwada pamalo amodzi m'mphepete penipeni, makamaka kukamada. Madzi akumwa nyamulani a pamjigo. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira.

Chinanso n'chakuti Lisungwi amachokera kumapiri a Kirk Range. Kuno kukhoza kukhala dzuwa lili phwee, kumtunda kukugwa chimvula, madzi n'kukupeza uli pachilumba cha mchenga. Kamtengo kaja ndi mlonda wako. Ukaona kamira, kapena tizinyalala tatsopano tayamba kudutsa, nyamuka.

Agogo amati mtsinje umene anaudziwa ali mnyamata si uno. Namondwe Ana, kumapeto kwa Januwale 2022, anagumula damu la ku Kapichira n'kuzimitsa makina opanga magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, ndipo Neno anali m'gulu la maboma amene analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Dziwe limene agogo ankadalira linakwiririka ndi mchenga, lina linakumbika pamene panali dimba la munthu. Ngakhale iwo anachita kuyambanso kuponya zitsononkho. Kufiira kwa madziku nakonso ndi dothi la minda yathu ndi mapiri amene tawameta ndi makala. Matumba a makala amene amandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa ndi matope a mu Lisungwi ndi nkhani imodzi.

Lachinayi, dzuwa litapendeka

Mlamba. Agogo anatitengera pamene udzu wamira, madzi ofika m'mawondo, ife tili pouma. Mlamba umakonda madzi a matope ndi kachisisira. Uli ndi ndevu zisanu ndi zitatu zimene umalawira nazo chakudya, ndiye maso suwadalira kwenikweni. Ulinso ndi chiwalo m'mutu chopumira mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umakhala moyo nthawi yaitali uli pamtunda. Mvula ikagwa umalowa mu udzu womira kukaswana.

Mbedza nambala 6, nyongolotsi zitatu pamodzi. Kugogoda kunalibe. Twaini inangoyamba kuyenda yokha kulowera kumabango. Ndinatukula nsungwi monga anandiphunzitsira, ndipo kunsi kunayankha chinthu chamoyo, cholemera, chokwiya. Mphwanga ankalumpha uku akukuwa, "Musaupatse mpata malume! Nsungwi m'mwamba!" Ndinaukokera pa udzu. Unali wotalika kuchokera m'chigongono mpaka kunsonga za zala. Pouchotsa mbedza unanditerereka, ndinaugwira, unaterereka, ndipo tinathera pansi tonse awiri, ine ndi mlamba, thalauza langa la kusukulu lili matope okhaokha. Koma unafika kunyumba. Chisoso tsiku limenelo sichinathyoledwe.

Lamulungu, titachoka ku tchalitchi

Pamiyala pamene madzi ayamba kuyera ndinaona nsomba zazitali zikugudubuzika, kuonetsa mimba. Ndinaziponyera nyongolotsi mpaka mkono kuwawa. Sizinayang'aneko n'komwe. Agogo anati zimenezo ndi ningwi. Kamwa yake ili kunsi, ya milomo yokhuthala, ndipo ntchito yake ndi kupala ndere pamiyala. Kawirikawiri imagwidwa ndi mono kapena ukonde, osati mbedza.

"Inu aphunzitsi, yanu ndi ngumbo."

Ngumbo ndi mbale wake wa ningwi ndi matemba, koma imakula, ya mamba akuluakulu, ya tindevu tinayi pakamwa, ndipo imadya chilichonse: tizilombo, nyongolotsi, nkhono, zipatso zogwera m'madzi. Nsomba za mtundu umenewu zilibe mano pakamwa, mano ake ali kukhosi. Ndinawerengapo kuti ku England, m'mitsinje monga Thames ndi Severn, kuli ina yapachibale yotchedwa chub, ndipo akatswiri a kumeneko madzi akasefukira amaisaka m'malo odekha omwewa, ndi nyongolotsi, buledi kapena tchizi. Nditawauza agogo anati nsomba ndi imodzimodzi kulikonse, koma munthu wopatsa nsomba buledi ndiye kuti kwawo kulibe ana.

Ndinafunsanso chifukwa chake kuno sitigwira nsomba za mano zija zimamveka ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Yankho lili mu Shire. Kuchokera ku Matope mpaka ku Kapichira, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, mtsinjewu umatsika mamita opitirira 350 kudzera m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Nsomba za ku Zambezi zimathera pa Kapichira, sizitha kukwera. Zathu zambiri kuno n'zapachibale ndi za ku nyanja ya Malawi.

Kumapeto kwa Febuluwale

Ngumbo yoyamba inandithawa. Ndinaikola pamathiriro a kakhwawa, pamzere wa thovu paja. Siikoka ngati mlamba, umene umangokakamira pansi. Iyi inathamangira kumadzi othamanga, nsungwi inalira, ndipo ine m'malo moilola kuti itope ndinalimbana nayo. Twaini inabwerera yopanda mbedza, kunsonga kwake kutapotana. Mphwanga anaiyang'ana n'kundiyang'ana. Kupotana koteroko ndi umboni woti mfundo yamasuka, osati kuduka. Ndinamanga mofulumira, osanyowetsa, mizere itatu yokha.

Sanandinyoze. Anangotulutsa mbedza ina n'kunena, "Mangani ndikuona."

Loweruka lotsatira

Malo omwewo, m'mawa, madzi atatsikanso pang'ono. Ndinafika chonyang'ama, opanda nsapato. Timibulu tiwiri ta madeya. Nati ya pa buleki. Nyongolotsi yonenepa ya pansi pa nthochi, mchira ukuvina. Ndinaigwetsa mwakachetechete mkati mwa mzere wa thovu n'kukhala pansi, twaini ili pachala.

Panapita nthawi yoti phazi linachita dzanzi. Kenako go. Zii. Go, go, n'kukoka. Ndinatukula. Inathamangiranso pakati, koma ulendo uno ndinangoimika nsungwi n'kuisiya iwerame, ndikuitsatira ndi mikono. Nsungwi yowerama ndi imene imatopetsa nsomba, iwe ntchito yako ndi kusalola twaini kukhwepa. Inapita kumunsi, inabwerera, inayesa kulowa pansi pa mizu, ndinaikankhira kumbali. Itagona chammbali ndinaitsetsereza pamchenga, osainyamula m'mwamba.

Inali yotalika chikhatho chimodzi ndi theka. Msana wobiriwira mwakuda, nthiti zonyezimira mwa mkuwa, mamba aakulu oti ungawawerenge limodzilimodzi, tindevu tija tikunjenjemera. Agogo anabwera, anaitembenuza, n'kuisisita pamimba ndi chala.

"Yaimuna iyi. Idyani."

Ndinafunsa kuti ikanakhala yaikazi bwanji. Anati ya mimba yotupa ndi mazira iwo amaibwezera, chifukwa dzinja ndi pamene nsombazi zimakwera mitsinje kukaswana, ndipo wodya mazira wadya ndiwo za chaka chamawa. Si onse amatero, ndipo munthu amene ana ake agona ndi njala sindingamuweruze pa nsomba imodzi. Chimene chimandipweteka ndi china. Pobwerera tinapeza anyamata akukokolola kakhwawa kaja ndi neti ya udzudzu, yomwe ija amatipatsa kuti tipewe malungo. M'beseni mwawo munali tinsomba tosakwana n'chikhadabo chomwe. Ena m'chilimwe amathira katupe m'maiwe, kupha chilichonse, chodyedwa ndi chosadyedwa, chikhalirecho lamulo la za usodzi limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Mbedza imagwira imodzi, ndipo umaiona kaye usanaganize chochita nayo.

Ngumbo ija tinaiphika ndi tomato ndi anyezi. Ndi yokoma, koma ili ndi timinga tambirimbiri ta mphanda tobisala m'mnofu. Idyeni masana, mosathamanga, ndipo ana aang'ono muziwasankhira. Ine kamodzi kanandiima pakhosi mpaka ndinameza mbamu ya nsima yosatafuna, mayi a kunyumba akundimenya kumsana uku akuseka.

Pakati pa Malichi

Mvula yayamba kutalikirana. Kamtengo kanga koyamba kali patali ndi madzi, pamene ndinagwira mlamba pamera kale udzu watsopano, ndipo mwala wa zitsononkho uja waonekera mpaka patsinde. Madzi ayera moti miyala ya pansi ikuoneka. Ndinapita ndi zonse zimene ndaphunzira, nati, madeya, nyongolotsi, n'kubwerako chimanjamanja. Nsomba ndinaziona ndi maso, nazonso zinandiona, n'kubalalika.

Mphwanga akuti madzi oyera ndi sukulu ina. Nsomba zachoka m'mphepete, zabwerera m'maiwe akuya ndi kumunsi kwa miyala ya pakati. Pakufunika twaini yopyapyala, mbedza yocheperapo, nati ichoke, ndipo nyambo ikhale chiwala chamoyo choyandama pamwamba. Kupita kwake ndi mbandakucha, kubisala kuseri kwa bango, chithunzithunzi chako chisagwere pamadzi.

Ndiye mawa tikaweruka tikukagwira ziwala kumunda wa anansi, tapempha kale. Ndinafunsa ngati pali china choti ndikonzekere.

"Chilipo malume. Malaya oyera aja muwasiye kunyumba."